Kamera Inali M'manja mwa Wakupha

Pali anthu amene amati kujambula katuni ya mwana wa Chiyuda ali m'ndende ya chipani cha Nazi n'kuseka pamaliro. Kwa iwo katuni ndi ya Tom ndi Jerry, ya ana akaweruka kusukulu, ndipo imfa ya Ayuda 6 miliyoni, mwa iwo ana pafupifupi 1.5 miliyoni, siyenera kuikidwa m'mbale yodyeramo nthabwala. Amati filimu yofotokoza zinthu zimene zinachitikadi ikhale ndi zinthu ziwiri basi: nkhope ya mboni ikulankhula, ndi zithunzi zakale zojambulidwa ndi kamera pa nthawiyo. Ine ndikukana. Ndikuti munthu wopulumuka ku Holocaust akamafotokoza zimene anaona ali mwana, dzanja la wojambula lotsatira mawu ake limanena zoona kuposa zambiri mwa zithunzi zakale zimene otsutsawa amazigwadira.

Funso limene okonda zithunzi zakale safuna kulimva ndi ili: kamerayo anaigwira ndani? Alipo Ayuda ochepa amene anajambula mobisa, moyo wawo uli pachiswe. Henryk Ross wa ku Łódź anakwirira pansi zithunzi zake mu 1944. Akaidi a ku Birkenau anajambula zithunzi zinayi mu Ogasiti chaka chomwecho, chimodzi mwa izo chongoonetsa nthambi za mitengo chifukwa wojambulayo sakanatha kuloza bwino kamera. Koma zochuluka za zimene timaonera lero zinajambulidwa ndi Ajeremani eniake, pa zifukwa zawo. Zithunzi pafupifupi 200 zotchuka zoonetsa Ayuda a ku Hungary akutsika sitima ku Auschwitz mu 1944 anajambula ndi a SS. Tikamaona amayi ndi ana atakhala pansi pa mitengo kudikira, tikuwaona kudzera m'diso la munthu amene ankadziwa kumene akupita ndipo sanawauze.

Mu Meyi 1942 gulu la ojambula mafilimu la ku Germany linalowa m'dera lotchingidwa ndi mpanda la Ayuda ku Warsaw. Filimu imene anajambula inasiyidwa yosamaliza, yopanda mawu. Kwa zaka zambiri opanga mafilimu a mbiri yakale ankadula zidutswa zake n'kumazionetsa ngati umboni weniweni wa moyo wa m'deramo. Kenako kunapezeka mpukutu wina wa zotsalira, woonetsa ojambulawo akubwereza chochitika chimodzi kangapo mpaka chiwakomere. Mu 2010 Yael Hersonski anatulutsa filimu yotchedwa A Film Unfinished imene inavula chinyengo chonsecho: anthu ovala bwino ankalamulidwa kudutsa pafupi ndi mitembo osacheuka, cholinga chili kuonetsa dziko kuti Ayuda alibe chisoni ndi anzawo. Mitembo inali yeniyeni, njala inali yeniyeni, koma nkhani imene zithunzizo zinkanena inali bodza la wakupha.

Tsopano tiyeni tiike mafilimu awiri a malo amodzi pa mphasa imodzi. Malowo ndi Theresienstadt, tauni ya asilikali kumpoto kwa Prague imene anaisandutsa ndende. Ayuda oposa 140,000 anatumizidwa kumeneko. Pafupifupi 33,000 anafera komweko ndi njala ndi matenda, ndipo pafupifupi 88,000 anawakweza sitima kupita kummawa, ambiri kukaphedwa. Pa 23 Juni 1944 nthumwi za Red Cross zinayendera malowo zitapezeratu mosesa, mopaka utoto, modzala maluwa, anthu zikwizikwi atachotsedwa kuti pasaoneke pothinana. Chinyengocho chitayenda bwino, a SS analamula kuti pajambulidwe filimu. Anakakamiza mkaidi Kurt Gerron, katswiri wa zisudzo wa ku Berlin, kuitsogolera. M'zidutswa zake zotsala muli mpira, muli nyimbo, muli minda ya masamba, muli ana akuchita sewero loimba la Brundibár. Ntchito itatha, Gerron anatumizidwa ku Auschwitz mu Okutobala 1944 n'kuphedwa, ndipo ana ambiri a m'sewerolo anatsata njira yomweyo.

Pa nthawi imene kamerayo inkazungulira, mu Theresienstadt momwemo munali kamtsikana kotchedwa Tana Ross, kobadwira ku Berlin mu 1940. Mayi ake anaphedwa ku Auschwitz. Agogo ake aakazi ankamubisa kuti asakwezedwe sitima. Mu 1945 anapita ku Sweden kwa abale, kumene anaphunzira kuti zakale sazifunsa ndipo sazikamba. Anakhala chete zaka makumi asanu. Mu 1998 Orly Yadin ndi Sylvie Bringas anatulutsa filimu ya makatuni ya mphindi pafupifupi 11 yotchedwa Silence, mawu ofotokoza ali a Tana mwiniwake. Gawo la m'ndende anajambula Ruth Lingford, lakuda ndi loyera, lokhakhala ngati losema pathabwa. Gawo la ku Sweden anajambula Tim Webb ndi mitundu yowala, ndipo kuwalako ndiko kumaopsa, chifukwa ndi kuwala kwa nyumba imene mwana waletsedwa kufunsa za mayi ake.

Ndiuzeni, inu otsutsa: pa mafilimu awiriwa, yonena zoona za Theresienstadt ndi iti? Yoyambayo ili ndi zonse zimene mumafuna. Nkhope ndi zenizeni, nyumba ndi zenizeni, chaka ndi 1944. Yachiwiriyo pafupifupi yonse ndi ntchito ya manja. Ngati lamulo lanu likupereka mpando waulemu kwa filimu ya a SS n'kutsekera panja ya Tana Ross, lamulolo ndi lopotoka. Mwana wobisidwa alibe chithunzi cha pamalo obisalapo, popeza kubisala n'kuthawa diso. Kunena kuti chimene kamera sinajambule chisaonetsedwe n'kulola kuti wakupha, ngakhale ali m'manda, apitirize kusankha zimene tione.

Otsutsa amphamvu kwambiri si awa oti katuni ndi ya ana. Ndi ophunzira a Claude Lanzmann, Mfalansa amene anatha zaka 11 akupanga filimu ya Shoah, ya maola asanu ndi anayi ndi theka, yotuluka mu 1985. Iye anakana kuikamo chithunzi chakale ngakhale chimodzi. Maganizo ake anali oti zimene zinachitika m'zipinda za mpweya wapoizoni sizingaonetsedwe ndipo siziyenera kuyerekezeredwa, choncho chotsala ndi mawu a mboni ndi malo monga alili lero. Ndimaulemekeza mtsutso umenewu, ndipo pa nkhani ya zipindazo ndili naye limodzi. Koma tionetsetse zimene Lanzmann anachita. Simon Srebnik, amene anatengedwa kupita ku Chełmno ali ndi zaka 13, anamukweza m'bwato pa mtsinje wa Ner kuti aimbenso monga ankaimbira alonda ali mnyamata. Abraham Bomba, amene ankameta amayi tsitsi ku Treblinka, anali atasiya kale ntchito yometa, koma Lanzmann anapeza malo ometera ku Israel, anamugwiritsa lumo, n'kumufunsa mafunso akumeta mpaka munthuyo analephera kulankhula. Anabwerekanso sitima yamoto kuti woyendetsa wakale aiyendetse pa njanji yopita ku Treblinka. Zonsezi n'zokonza. Lanzmann ankadziwa kuti chikumbumtima cha zakale sichituluka chokha, chimafuna chiwiya chochinyamulira, ndipo anasankha thupi la wopulumukayo kukhala chiwiyacho. Wojambula katuni amasankha pepala. Sindikuona chifukwa chonenera kuti kuliritsa nkhalamba pamaso pa kamera n'kopatulika, pamene kujambula zimene yafotokoza, iyo itakhala pampando wake mwaulemu, n'konyansa.

Mtsutso wachiwiri ndi wakuti zokumbukira za mwana n'zosadalirika. Mwana wa zaka zinayi sadziwa tsiku, sadziwa dzina la mzinda, amasakaniza zimene anaona ndi zimene anamva kwa akuluakulu. Otsutsa amakumbutsa za buku la Binjamin Wilkomirski la mu 1995, limene linalandira mphotho ngati umboni wa mwana wa m'ndende, mpaka mu 1998 mtolankhani Daniel Ganzfried anaulula kuti wolembayo anabadwira ku Switzerland ndipo sanakhaleko m'ndendezo. Nkhaniyi ndi yoona ndipo ndi chenjezo. Koma bodza limeneli linalembedwa ndi mawu, lopanda katuni, ndipo palibe amene anati tisiye kulemba mabuku. Mankhwala a bodza ndi kufufuza. Ku Arolsen, m'dziko la Germany, kuli nkhokwe ya zikalata zokhudza anthu pafupifupi 17.5 miliyoni ozunzidwa ndi chipani cha Nazi. Mindandanda ya okwezedwa sitima ilipo, makadi a akaidi alipo. Wopanga filimu waulesi amene safufuza adzanama ndi chida chilichonse chimene mungamupatse.

Ndipo apa m'pamene katuni imapambana. Chithunzi cha kamera chimauza woonera kuti umu ndi mmene zinalili. Chojambula pamanja chimavomereza poyera kuti umu ndi mmene munthu uyu akukumbukira, ndipo wina wamujambulira. Pamene wopulumuka sakukumbuka nkhope ya msilikali, wojambula angathe kuisiya yopanda maso. Pamene akukumbuka nsapato zokha, lamba, ndi mano a galu, chifukwa ndizo zinali pa msinkhu wa maso ake, chithunzi chingathe kuthera m'chiuno mwa akuluakulu. Pamene chipinda chinkaoneka chachikulu ngati tchalitchi, chijambulidwe chachikulu choncho, ndipo palibe woonera amene angaganize kuti wapatsidwa mapu. Ochita zisudzo ovala yunifomu sangathe zimenezi. Iwo amadzaza mpata uliwonse ndi nkhope, mabatani ndi nyengo ya tsikulo, zimene palibe mboni inanena. Filimu ya The Boy in the Striped Pyjamas ya mu 2008 ili ndi anthu enieni, koma nkhani yake ya mwana wa mkulu wa ndende wocheza pawaya ndi mwana wa Chiyuda ndi yopeka ndipo yasokoneza ophunzira ambiri, moti osunga malo a chikumbutso a Auschwitz anachenjeza kuti buku lake lisamagwiritsidwe ntchito pophunzitsa mbiriyi. Sindinamve otsutsa katuni akuchita phokoso lofanana pa filimu imeneyo.

Ganiziraninso za ntchito yake. Filimu imaonetsa zithunzi 24 pa sekondi, ndipo ojambula ambiri amajambula 12 pa sekondi, chilichonse n'kuchionetsa kawiri. Mphindi khumi ndi zojambula 7,200. Chilichonse chimafuna yankho. Jasi la bambo linali la mtundu wanji? Zenera la m'bogi linali pamwamba bwanji? Mayi anagwira dzanja lamanja kapena lamanzere? Wofunsa mafunso ali ndi kamera angathe kumaliza ntchito masana amodzi. Wojambula woona mtima amabwerera kwa nkhalambayo kambirimbiri ndi mafunso aang'onoang'ono otere, amene wolemba mbiri sangaganize kufunsa. Anthu asanu ndi mmodzi amene nkhani zawo zili mu Children of the Holocaust, mafilimu aafupi amene kampani ya Fettle Animation ya ku Yorkshire inapangira BBC mu 2014, amalankhula okha ndi mawu awo aukalamba pamene pa sikirini pakuyenda ana. Mmodzi ndi Arek Hersh wa ku Poland, amene anapulumuka ku Auschwitz ali mnyamata. Kusiyana kwa mawu okalamba ndi thupi la mwana ndiko kumagwira mtima, chifukwa kumatikumbutsa kuti wolankhulayu wasenza mwana ameneyu moyo wake wonse.

Kwa amene akuumirirabe kuti zojambula n'zachibwana, yankho linachokera m'ndende momwemo. Ku Theresienstadt mphunzitsi wa zojambula Friedl Dicker-Brandeis ankaphunzitsa ana kujambula pa mapepala aliwonse opezeka. Asanatumizidwe ku Auschwitz mu Okutobala 1944, kumene anaphedwa, anabisa zojambula zoposa 4,000 m'masutukesi awiri. Lero zili kumalo osungirako zakale a Ayuda ku Prague, ndipo kwa ana ambiri dzina lolembedwa pakona ya pepala ndilo chizindikiro chokha chotsala chakuti anakhalapo. Ku ndende ya Gurs ku France, Horst Rosenthal anajambula kabuku koonetsa Mickey Mouse atamangidwa chifukwa chosowa mapepala, ndipo iye anaphedwa ku Auschwitz mu 1942. Ku Birkenau, mtsikana wa ku Czechoslovakia Dina Gottliebová anajambula Snow White pakhoma la nyumba ya ana. Josef Mengele atamva za luso lake anamulamula kujambula akaidi a mtundu wa Aroma, ndipo ntchito imeneyo inapulumutsa iye ndi mayi ake. Nkhondo itatha anakagwira ntchito ya makatuni ku America. Akaidiwo sanaone kuti pensulo ikunyoza masautso awo. Ndani wa ife, wokhuta ndi wofunda, angawauze kuti analakwitsa chida?

Art Spiegelman anamenya nkhondo yomweyi ndi buku lake la Maus, lofotokoza za bambo ake Vladek, momwe Ayuda ndi mbewa ndipo Ajeremani ndi amphaka. Mu 1991 nyuzipepala ya New York Times inaliika pa mndandanda wa mabuku a nkhani zopeka. Iye analemba kalata yodandaula, bukulo linasamutsidwira ku mndandanda wa nkhani zoona, ndipo mu 1992 linalandira mphotho yapadera ya Pulitzer. Patapita zaka 30, mu Januwale 2022, komiti ya maphunziro ya dera lina ku Tennessee inalichotsa pa silabasi chifukwa cha mawu ochepa otukwana ndi chithunzi cha munthu wosavala. Kumbali ina amati zojambula n'zopepuka kwambiri pa nkhaniyi, kumbali inayo amati n'zoopsa kwambiri kwa ana. Zonse ziwiri sizingakhale zoona.

Sindikunena kuti katuni iliyonse ya Holocaust ndi yabwino. Ili ndi matenda ake, ndipo loyamba ndi kukongoletsa. Utoto wofewa ndi nyimbo za zeze wachizungu zingathe kusandutsa njala kukhala chinthu chosangalatsa maso. Filimu ya HBO ya mu 2018, The Number on Great-Grandpa's Arm, imaonetsa mnyamata wa zaka khumi akufunsa agogo a kholo lake, Jack Feldman, za nambala yodindidwa pamkono wawo. Wojambula Jeff Scher anapaka utoto potsatira zithunzi zakale kuti ana athe kuonera osathawa. Cholinga n'chabwino ndipo kukambirana kwa awiriwo n'kogwira mtima. Komabe njira imeneyi ili ndi msampha: ukatsatira ndi burashi chithunzi chimene anajambula msilikali, waima pamene iye anaima, wangosintha mtundu. Ine ndimakhulupirira kwambiri wojambula amene wayambira pa mawu a mboni kusiyana ndi amene wayambira pa filimu ya wakupha.

Choncho ufulu umene ndikuuteteza uli ndi malire. Mawu akhale a wopulumukayo, osati a wolemba amene wawakometsera. Wopulumukayo aone zojambulazo zisanatuluke ndipo akhale ndi mphamvu yokana. Masiku, malo ndi mayina ziyerekezedwe ndi zikalata. Pamene chikumbukiro chathera, pensulo iimenso. Ndipo chitseko cha chipinda cha mpweya wapoizoni chikatsekeka, wojambula atsale panja, chifukwa mwana amene anali mkatimo sanakhale ndi moyo kuti adzatiuze, ndipo wolowa ndi pensulo m'menemo wasanduka Kandimverere amene anakanena za m'maluwa.

Amene akufuna mdani weniweni wa choonadi amuyang'ane kwina. Mu 2025 osunga malo a chikumbutso a Auschwitz anadandaula poyera za zithunzi zabodza zopangidwa ndi kompyuta zimene zinkafalikira pa Facebook: akaidi okongola oimba zeze, ana a maso aakulu pawaya, zonse zooneka ngati zajambulidwa ndi kamera mu 1944, zopangidwa kuti anthu adine ndipo wina apeze ndalama. Zithunzi zimenezi n'zoopsa chifukwa zimabisa dzanja lozipanga. Zimapatsa mphamvu okana Holocaust, amene kwa zaka zambiri akhala akunena kuti umboni wonse ndi wopeka. Pa nthawi yotere, chithunzi chimene chimaonetsa mizere ya pensulo, chokhala ndi dzina la wojambula ndi mawu a mboni yodziwika, ndicho chimene sichingakunamize za chiyambi chake.

Ife owerenga zilankhulo za mu Africa nkhani ya kamera timaidziwa. Masautso a Ayuda a ku Ulaya ndi awo ndipo sindikuwayerekeza ndi ena. Koma tikafuna kuona agogo athu akuyenda pa filimu, nthawi zambiri timawapeza m'mafilimu a boma la atsamunda, monga a Central African Film Unit imene inkagwira ntchito ku Nyasaland ndi ku Rhodesia kuyambira mu 1948, ataimikidwa pamene mzungu anafuna, akuphunzitsidwa zimene iye anasankha. Timadziwa kuti zoona zambiri zinatsala m'kamwa mwa okalamba. Ku Cambodia, Rithy Panh atasowa zithunzi za ubwana wake pansi pa ulamuliro wa Khmer Rouge, anagwiritsa ntchito tizidole tadongo mu filimu ya The Missing Picture ya mu 2013. Kulikonse kumene wankhanza anali yekha ndi kamera, ozunzidwa adzafunika manja a wina.

Nthawi yotsutsana yatha pang'ono. Lipoti la bungwe la Claims Conference la mu Januwale 2024 linawerenga opulumuka pafupifupi 245,000 otsala pa dziko lonse, ndipo 95 mwa 100 alionse anali ana pa nthawi ya nkhondo. Akuluakulu amene ankadziwa masiku, mayina a alonda ndi manambala a sitima anapita. Otsala ndi amene ankaona nsapato ndi malamba. Umboni wawo ndi zidutswa: fungo la chipinda chapansi, dzanja lotseka pakamwa, chidole chosiyidwa pabedi. Palibe nkhokwe imene ili ndi filimu ya zimenezi, ndipo sidzapezeka. Wojambula amene lero akuzengereza chifukwa choopa kunenedwa kuti wanyoza maliro adziwe kuti agogo amene akanamufotokozera mtundu wa jasi lija ali ndi zaka zoposa 80. Atenge pepala apite, akafunse, akajambule, n'kubwerera kukawaonetsa akadali ndi maso oti anene kuti ayi, zenera linali pamwamba kuposa apo.